Mapapo akakanika ndipo ofufuza akupempha chilolezo: mafunso ndi mayankho kwa achibale a wodwala wa mu ICU

Mayankho awa ndi a achibale ndi magadiyani amene wodwala wawo ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, mu ICU kapena HDU, mapapo atakanika, ndipo wina wawabweretsera fomu yoti wodwalayo alowe m'kafukufuku. Kawirikawiri wodwala mwiniwake sangathe kuyankhula, choncho mtolo wosankha umagwera inu, komanso m'maola ochepa.

Kodi matenda amene madokotala akuti ARDS ndi chiyani?

Ndi kukanika kwa mapapo kobwera mwadzidzidzi, pasanathe sabata chichitikire vuto lina lalikulu m'thupi. Sayamba okha. Kawirikawiri amabwera pambuyo pa chibayo choopsa, matenda olowa m'magazi otchedwa sepsis, masanzi olowerera m'mapapo, kuvulala kwambiri pangozi, kupsa ndi moto, kumira m'madzi, malungo aakulu, chimfine choopsa kapena COVID-19.

M'mapapo muli timatumba ta mpweya tambirimbiri tokhala ndi khungu lopyapyala zedi. Thupi likamalimbana ndi vuto lija, khunguli limawonongeka n'kuyamba kuchucha. Madzi ochokera m'magazi amadzaza timatumbato, tina timaphwa, mapapo amalemera n'kulimba. Munthu amapuma mwaphuma koma okosijeni salowa m'magazi mokwanira.

Madokotala a ku Denver, ku America, ndiwo anayamba kulongosola matendawa mu 1967 ataona odwala 12. Kafukufuku wotchedwa LUNG SAFE, wa m'mayiko 50, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anapeza kuti mwa odwala 10 alionse a mu ICU, mmodzi amakhala ndi ARDS. Mwa amene matenda awo anali ocheperako, 35 pa 100 anamwalira m'chipatala, apakatikati, 40, odwalitsitsa, 46. Mpaka pano palibe mankhwala amodzi otsimikizika otseka kuchuchako. Chimene achipatala amachita ndi kuchiza chimene chayambitsa, ndi kusunga munthuyo ndi moyo popanda kuwonjezera kuvulala kwa mapapo mpaka atapola okha.

Amadziwa bwanji kuti m'bale wathu ali nawo, ndipo n'woyenera kafukufukuyu?

Amayang'ana zinthu zinayi: vuto layamba m'sabata imodzi, chithunzi cha pachifuwa chikuonetsa mapapo onse awiri atachita mbuu, madziwo sakuchokera ku kufooka kwa mtima, ndipo okosijeni wa m'magazi ndi wochepa poyerekeza ndi amene akupatsidwa. Pa chachinayichi, ndondomeko ya Berlin ya 2012 imagwiritsa ntchito magazi otengedwa pamtsempha wogunda wa padzanja. Nambala yake ikakhala 300 kutsika, ndi ARDS. 200 kutsika, ndi yapakatikati. 100 kutsika, ndi yoopsa.

Vuto linali lakuti zipatala zambiri za kuno zilibe makina oyezera magazi otero, ndipo ventileta, makina opumitsa wodwala, n'zochepa. Ofufuza a ku Kigali, ku Rwanda, anasintha ndondomekoyi mu 2016 kuti kachipangizo kopana pachala kakwanire, ndipo sikani ya ultrasound ilowe m'malo mwa X-ray. Amatenga nambala ya pachala n'kuigawa ndi mlingo wa okosijeni amene wodwala akupuma. Wodwala amene pachala akuwerenga 90 pamene theka la mpweya umene akupatsidwa ndi okosijeni, nambala yake ndi 180, pansi kwambiri pa 315, malire osonyeza ARDS pa njira imeneyi. Ndondomeko yapadziko lonse ya 2023 inalandira njira imeneyi.

Munthu ali pakati pa moyo ndi imfa. N'chifukwa chiyani akuyankhula za kafukufuku pa nthawi ngati ino?

Funso limeneli ndi lomveka, ndipo ofufuza abwino sakhumudwa nalo. Yankho n'lakuti zambiri zimene zikusunga m'bale wanuyo lero zinapezeka chifukwa mabanja ena anavomera pa nthawi yowawa ngati yomweyi.

Kale, ventileta inkaikidwa kuti izikankha mpweya wambiri, poganiza kuti mapapo odwala amafuna wochuluka. Kafukufuku wa ku America wa mu 2000, wa odwala 861, anayerekeza mpweya wa mamililita 12 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, pa kupuma kulikonse, ndi mamililita 6. Mwa opatsidwa mpweya wambiri anamwalira 39.8 pa 100. Mwa opatsidwa wochepa, 31. Chifukwa chake n'chakuti mbali ya mapapo imene yatsala yotseguka ndi yaing'ono, ndipo kuikankhira mpweya wonse kuli ngati kupopera chubu cha njinga mpweya wokwanira tayala la galimoto. N'chifukwa chake mungaone anamwino akuyeza kutalika kwa wodwala ndi tepi: kukula kwa mapapo kumatsata msinkhu, osati kunenepa. Mwamuna wotalika masentimita 170 amawerengeredwa makilogalamu 66, ndipo mpweya wake umakhala pafupifupi mamililita 400 pa kupuma kulikonse.

Kugoneka wodwala chafufumimba nakonso kunatsimikizika ndi kafukufuku wa PROSEVA wa mu 2013, ku France ndi Spain, pa odwala 466. Ogonekedwa chafufumimba maola 16 kapena kuposa patsiku, 16 pa 100 anamwalira pofika tsiku la 28. Osiyidwa chagada, pafupifupi 33. Ndipo mu 2020, kafukufuku wa RECOVERY wa ku Britain anaonetsa kuti dexamethasone, mankhwala akale komanso otchipa, mamiligalamu 6 patsiku kwa masiku osapitirira 10, amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa atatu pa odwala COVID-19 amene ali pa ventileta. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti hydroxychloroquine, amene anatchuka kwambiri pa WhatsApp, sathandiza.

Wodwala ali chikomokere. Ndani ali ndi mphamvu yovomera?

Ngati wodwala ali maso, akumva ndipo angathe kuganiza bwino, mawu ake ndiwo omaliza, ngakhale banja lonse litaganiza zosiyana. Ngati wagonetsedwa ndi mankhwala kapena wasokonezeka mutu chifukwa cha kuchepa kwa okosijeni, ofufuza amafuna womuimira: mkazi kapena mwamuna wake, kholo, mwana wamkulu, kapena wachibale wapafupi amene ndondomeko ya kafukufukuyo ikulola. Kwa mwana, amasaina kholo kapena womulera.

Pali msampha umene timauona kawirikawiri. Gadiyani amene ali pachipatala, wochapa ndi kuphika, si nthawi zonse amene banja limamuona kuti ndi woyenera kugamula nkhani yaikulu. Mwina ndi mlamu, pamene mwinimbumba ali kumudzi. Gadiyani akasaina yekha, wodwala n'kumwalira, mlandu umamugwera pamaliro ngakhale imfayo isakhudzane ndi kafukufuku. Choncho pemphani mpata woimba foni, ndipo ngati n'kotheka wofufuzayo ayankhule yekha ndi amalume kapena mkulu wa banja pafoni pomwepo.

Funso loti womuimira adzifunse si lakuti “ine ndikufuna chiyani”, koma “iyeyu akanakhala kuti akuyankhula akanati chiyani”. Wodwala akatsitsimuka, ofufuza ayenera kubwerera kwa iye, kumufotokozera zonse, n'kumupempha chilolezo chake. Akhoza kukana pamenepo.

Fomu iyenera kukhala m'chilankhulo chimene mumamva. Ngati simutha kuwerenga, iwerengedwe mokweza pamaso pa mboni imene si ya gulu la ofufuza, inu mudinde chala, mboniyo isaine. Kope limodzi ndi lanu. Musachoke opanda kopelo, chifukwa ndi pamene pali nambala za foni.

Bwanji akutifulumizitsa?

Kafukufuku aliyense wa ARDS ali ndi malire a nthawi. Wa mu 2000 uja ankalandira wodwala pasanathe maola 36 chipezekere matendawa. Masiku oyambirira ndi pamene mapapo akuchucha. Pakatha sabata imodzi kapena awiri amayamba kuchita zipsera, ndipo chithandizo choyesedwacho sichingaonetsenso mphamvu yake. Kufulumira kwa ofufuza kuli ndi chifukwa, koma sikukupatsani ngongole. Funsani kuti malire ndi ola liti, gwiritsani ntchito nthawi yonseyo, ndipo ikatha musanagwirizane, wodwala salowa basi.

M'kafukufuku wina wa chithandizo chadzidzidzi, komiti yoona za ufulu wa odwala imalola kuti wodwala ayambe kulandira chithandizo cha kafukufuku achibale asanapezeke, chilolezo n'kupemphedwa pambuyo. Izi si zoti wofufuza angoganiza yekha. Zimaloledwa pokhapokha ngati zinalembedwa m'ndondomeko ndipo komiti inavomereza, ndipo achibale akapezeka akhoza kuimitsa.

Akuti adzachita maere. Dokotala sangasankhe yekha chimene chili chabwino?

Akanadziwa chabwino, kafukufuku sakanaloledwa n'komwe. Maere amachitika pamene akatswiri sakudziwa kuti mwa njira ziwiri yoposa ndi iti. Kompyuta, kapena envelopu yomata yotsegulidwa motsatira nambala, ndiyo imaika wodwala m'gulu. Dokotala akamasankha yekha, mosadziwa amapereka njira yatsopano kwa odwala amene akuoneka kuti apulumuka, ndipo zotsatira zimanama.

Gulu limodzi limalandira chithandizo chanthawi zonse, lina limalandira chomwecho kuphatikizapo choyesedwacho. Palibe gulu losiyidwa opanda okosijeni, maantibayotiki kapena ventileta. Ngati akuyesa mankhwala, gulu loyerekezera likhoza kupatsidwa diripi yooneka chimodzimodzi koma yopanda mankhwalawo, ndipo inu, anamwino ndi dokotala simudziwa kuti wodwala ali mbali iti. Pakachitika zoopsa zofuna kuti adziwe, pali njira yotsegulira chinsinsicho usana kapena usiku. Pa zinthu zooneka ndi maso, monga kugoneka chafufumimba, palibe chobisika.

Musapemphe kuti wanu aikidwe ku gulu la mankhwala atsopano. Sizitheka, komanso simukudziwa kuti gulu lamwayi ndi liti.

Kodi kafukufuku angamuvulaze?

Inde, ndipo fomu imene sikunena zimenezi ndi yokayikitsa. Makina ena opumira mothamanga kwambiri, amene akatswiri ankawadalira, anayesedwa m'kafukufuku wa OSCILLATE wotsogoleredwa ndi a ku Canada. Anaimitsidwa msanga, ndipo lipoti la mu 2013 linaonetsa kuti 47 pa 100 anamwalira pa makina atsopanowo poyerekeza ndi 35 pa njira yakale.

Kwathu kuno ziliponso zitsanzo. Pachipatala cha boma cha Salima, ana 644 odwala chibayo choopsa anagawidwa pakati pa okosijeni wamba wa m'mphuno ndi makina a bubble CPAP, okankhira mpweya m'mphuno kuti mapapo asaphwe. Zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti 17 pa 100 anamwalira pa CPAP, 11 pa okosijeni wamba. Makina amene amathandiza m'zipatala zokhala ndi madokotala tsiku lililonse sanathandize m'wodi imene inalibe chisamaliro chotero. Ku University Teaching Hospital ku Lusaka, akuluakulu odwala sepsis, ambiri a iwo okhala ndi HIV, anapatsidwa madiripi ochuluka motsatira ndondomeko yochokera kumayiko olemera. Lipoti la mu 2017 linaonetsa kuti 48 pa 100 anamwalira poyerekeza ndi 33 a chithandizo chanthawi zonse. Madzi ochulukawo ankawonjezera kubanika m'chipatala chimene ventileta zinali zosowa.

Nkhani zimenezi zili ndi mbali ziwiri ndipo zonse n'zoona. Odwala ena m'magulu oyesedwawo anavulala. Komanso pakanapanda kuyesa, njira zimenezi zikanafalikira m'zipatala zonse monga chitukuko, osadziwika kuti zikupha.

Zoopsa za kafukufuku wanu zimadalira chimene akuyesa. Kugoneka chafufumimba kumafuna anthu anayi kapena asanu potembenuza. Chubu cha kukhosi chikhoza kusuntha kapena kutsekeka, nkhope imatupa, ndipo pamphumi, pachibwano ndi pachifuwa pamatuluka zilonda ngati sasintha mutu pafupipafupi. Mpweya wochepa pa ventileta umachititsa kuti mpweya woipa uchuluke m'magazi, ndipo wodwala angafunike mankhwala ogonetsa ochulukirapo. Mankhwala a mtundu wa dexamethasone amakweza shuga ndipo amafooketsa chitetezo, nkhani yofunika kuifunsa ngati wodwala ali ndi shuga, TB kapena HIV.

Ndani akuwayang'anira ofufuzawa?

Ku Malawi, kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa ndi komiti monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ngati akuyesa mankhwala, bungwe loona za mankhwala la PMRA liyeneranso kuvomereza. Ku Zambia kuli National Health Research Authority ndi ZAMRA, ku South Africa kuli SAHPRA. Dzina la komiti ndi nambala yake ya foni zimalembedwa pafomu. Ngati muli ndi dandaulo limene simukufuna kuuza ofufuza, imbani kumeneko.

Palinso kagulu ka akatswiri oima paokha kamene kamaona zotsatira zobisika kafukufuku ali m'kati. Ndi kamene kamalangiza kuti aimitsidwe gulu limodzi likamamwalira kwambiri, kapena phindu likaonekeratu moti kupitiriza kungakhale kumana ena chithandizo. Imfa iliyonse ndi vuto lililonse lalikulu zimalembedwa n'kutumizidwa, kawirikawiri pasanathe maola 24 ofufuza atadziwa.

Atenga magazi ochuluka bwanji, ndipo akupita nawo kuti?

Funsani nambala yeniyeni, m'mamililita, ndi masiku ake. Kabotolo kamodzi ka kulabu kamalowa mamililita 4 mpaka 10, pamene supuni yaing'ono ya tiyi ndi mamililita 5, ndipo munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Wodwala wa mu ICU nthawi zambiri amakhala kale ndi kachubu pamtsempha, ndiye sabayidwanso. Ena amatenganso makhololo a m'chubu chopumira, kapena kutsuka kambali ka mapapo ndi madzi a mchere kudzera pa kamera yopyapyala. Njira yachiwiriyi imatha kutsitsa okosijeni kwa kanthawi, choncho siichitika pa wodwala amene wafooka kwambiri.

Tikudziwa kuti nkhani ya magazi imadzutsa mantha a anamapopa, ndipo si chinthu chochitira manyazi kufunsa. Magazi a kafukufuku sagulitsidwa ndipo saikidwa mwa munthu wina. Amalembedwa nambala m'malo mwa dzina. Ngati ena adzasungidwa zaka zingapo, kutumizidwa kulabu ya kunja, kapena kuyezedwa za chibadwa, fomu iyenera kunena, ndipo kawirikawiri pamakhala bokosi lapadera loti muvomere kapena kukana mbali imeneyo yokha.

Tikakana, asiya kumusamala?

Ayi. Bedi, okosijeni, ventileta ndi mankhwala sizidalira siginecha yanu, ndipo simuyenera kupereka chifukwa. Wina akakuuzani kuti wodwala apeza ventileta pokhapokha mutasaina, funsani kuti zimenezo zalembedwa pati, ndipo kauzeni dokotala wamkulu wa wodiyo kapena komiti.

Tavomera kale. Tingasinthe maganizo?

Nthawi iliyonse. Kutuluka kuli ndi magawo: mukhoza kuimitsa mankhwala okha koma kulola kuti apitirize kulemba mmene wodwala akuyendera, kapena kuimitsa zonse. Zimene zalembedwa kale nthawi zambiri zimasungidwa. Mankhwala ena sasiyidwa mwadzidzidzi, ndiye dokotala akhoza kuwachepetsa pang'onopang'ono.

Ife tinafuna, koma akuti sakuyenera. Ndiye kuti zafika posauzana?

Si choncho. Zifukwa zofala ndi izi: nthawi yadutsa, wodwala ndi woyembekezera, zaka zake zili kunja kwa malire, ali ndi matenda akale a mapapo, chiwindi kapena impso, wavulala mutu kapena msana moti sangatembenuzidwe, ali kale m'kafukufuku wina, kapena akumwa mankhwala osagwirizana ndi oyesedwawo. Zambiri mwa izi n'zomuteteza. Musabise mimba, ma ARV, mankhwala a TB kapena a zitsamba kuti alowe.

Pali ndalama?

Simulipira chilichonse cha kafukufuku: mankhwala oyesedwa ndi zoyeza zowonjezera ndi za ofufuza. Wodwala akatuluka n'kumabwera kudzaonedwa, amabwezeredwa ya thiransipoti ndi kangachepe ka nthawi yake, pa mlingo umene komiti inavomereza. Ndalama zochuluka moti munthu sangakane siziloledwa. M'chipatala cholipira, funsani mwachindunji kuti bilu ya ICU ikhala ya ndani, popeza kawirikawiri imakhalabe yanu. Funsaninso za inshuwalansi: wodwala akavulala chifukwa cha kafukufuku, ndani alipira chithandizo ndi chipukuta misozi, ndipo mumayambira ofesi iti.

Kodi tingamufunire tokha kafukufuku?

Kafukufuku wa ARDS si wolembetsa uli kunyumba. Amachitikira m'ma ICU osankhidwa, ndipo anamwino a kafukufuku amazungulira wodi tsiku ndi tsiku kuona amene akukwanira. Chimene mungachite ndi kufunsa dokotala wamkulu ngati chipatalacho chili ndi kafukufuku wotsegula. Kuno kwathu mwayi wotero umapezeka makamaka m'zipatala zazikulu zophunzitsirako monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Mndandanda wa kafukufuku wolembetsedwa uli pa intaneti ku PACTR, ClinicalTrials.gov ndi ISRCTN; nambala ya pafomu yanu iyenera kupezeka kumeneko.

Kusamutsa wodwala wa ARDS kuti akalowe kafukufuku kwina sitikulimbikitsa. Pamsewu silinda ya okosijeni imatha, chubu chimasuntha, ndipo pofika nthawi yolowera imakhala itadutsa.

Kwa abale amene ali ku Britain, kafukufuku m'ma ICU a zipatala za boma (NHS) ndi chinthu chatsiku ndi tsiku, choncho musadabwe kuimbiridwa foni usiku woyamba. Ku England ndi Wales, pa kafukufuku wa mankhwala wachibale amasaina monga woimira wodwala mwalamulo, ndipo akasowa, dokotala wosakhudzidwa ndi kafukufukuyo akhoza kuima m'malo mwake. Pemphani womasulira ngati Chingerezi cha pafomu chikuvuta.

Akatuluka m'chipatala, kapena akamwalira, chimachitika n'chiyani?

Ofufuza ambiri amafuna kudziwa mmene wodwala alili pa tsiku la 28 ndi la 90, ena mpaka miyezi 6 kapena chaka. Amaimba foni kapena kumuitana kudzayezedwa mapapo ndi kuyenda kwa mphindi 6. Perekani manambala awiri kapena atatu, ndipo mukasintha layini auzeni. Wodwala wosowa amasokoneza zotsatira za onse. Maulendowa ndi aphindu kwa wodwala, chifukwa opulumuka ARDS ambiri amakhala miyezi ali ofooka miyendo, oiwalaiwala, olota zoopsa za mu ICU, ndipo kunyumba zimenezi zimatengedwa ngati ulesi kapena kulodzedwa.

Akamwalira, muli ndi ufulu wokhala pansi ndi dokotala n'kufunsa ngati imfayo ikukhudzana ndi choyesedwacho. Kupima thupi kumafuna chilolezo china chapadera. Fomu yoyamba ija siikhudza zimenezo, ndipo kukana sikuchedwetsa kutenga maliro.

Tili ndi mphindi 15 zokha ndi wofufuza. Tifunse chiyani?

Yambani ndi ili: “Akapanda kulowa alandira chiyani, ndipo akalowa chisintha n'chiyani?” Yankho lake likhale lalifupi komanso lomveka. Kenako funsani ngati choyesedwacho chinaperekedwapo kwa anthu ena, angati, ndipo chinawavuta n'chiyani. Mankhwala amene angoyamba kuyesedwa pa anthu makumi angapo si ofanana ndi mankhwala akale amene akungoyesedwa pa ntchito yatsopano. Funsani kuti chithandizocho chitenga masiku angati, ndi zizindikiro ziti zimene zingachititse dokotala kuchiimitsa, ndani akulipira kafukufukuyu, ndiponso ngati amene akukupemphaniyo ndi yemweyo akuchiza wodwala. Ngati ndi yemweyo, mukhoza kupempha kuti namwino kapena dokotala wina akhalepo. Lembani dzina ndi nambala ya munthu woti mumuimbire usiku, ndipo muiyese nambalayo musanasaine.